Wa pa foni naye ndi mphunzitsi: mkangano wa luso la bonsai

Pali mkangano umene sukuzirala pakati pa anthu okonda bonsai, timitengo tija timene timakhala m'mbale zosaya koma tikuoneka ngati mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango. Amakangana ku Ulaya, amakangana ku America, amakangana m'makalabu a ku Joni, ndipo mwezi wathawu mkanganowu unandipeza ine pakhonde panga. Kunabwera amalume a mkazi wanga, bambo amene anagwira ntchito ya m'maluwa ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo kumeneko n'kumene anadziwira kusamala timitengoti. Anauzungulira kawiri mtengo wanga wa kachere, manja ali kumbuyo, kenako anafunsa kuti, "Kodi apongozi, zimenezi akukuphunzitsani ndani?" Nditayankha kuti ndimaonera aphunzitsi a pa YouTube, anapukusa mutu. "Wa pa foni si mphunzitsi. Mtengo amauphunzira ndi manja, wamkulu ataima pambali pako, akukuletsa usanadule." Sindinawayankhe pomwepo, pajatu apongozi sutsutsana nawo tiyi ali pa tebulo. Koma yankho ndili nalo, ndipo ndi ili: kuphunzira bonsai kwa aphunzitsi a pa intaneti ndi kuphunzira kwenikweni, ndipo kwa anthu ambiri padziko pano ndilo khomo lokhalo limene lili lotsegula. Zimene otsutsa amanena zili ndi choonadi chake, ndipo ndivomera pamene akunena zoona, koma zonsezo ukaziyang'anitsitsa zimangotiuza mmene tingaphunzirire bwino pa foni, osati kuti tiileke.

Kuti tisawalakwire otsutsawa, tiyambe taona njira imene iwo amaitama. Ku Japan, munthu wofuna kukhala katswiri amakalowa pa nazale ya mwini luso, amene amamutcha oyakata, ndipo iye amakhala deshi, wophunzira wogwira ntchito pomwepo tsiku ndi tsiku. Mwambo wake ndi zaka 5 za kuphunzira, n'kuwonjezerapo chaka chimodzi chogwira ntchito mothokoza. Amalawirira kusesa, kuzula udzu m'mbale, kunyamula mitengo yolemera, ndipo pamapita nthawi ndithu asanamulole kukhudza mtengo wa ndalama zambiri. Ajapani ali ndi mawu akuti mizuyari sannen, kutanthauza kuti kuthirira kokhako kumatenga zaka 3 kuti ukudziwe. Masahiko Kimura, amene dzina lake limadziwika kulikonse kumene kuli bonsai, analowa kwa Motosuke Hamano ali ndi zaka 15 ndipo anakhalako zaka 11. Mudzi wa Omiya, kumpoto kwa Tokyo, kumene alimi a bonsai anasamukira mu 1925 chivomerezi cha 1923 chitagumula mzindawo, unakula ndi mwambo umenewu. Palibe munthu wa mutu wake amene anganene kuti kuonera vidiyo n'chimodzimodzi ndi zaka 11 zimenezo, ndipo inenso sindikutero. Funso langa ndi lina: khomo limenelo lingalowe anthu angati? Ryan Neil wa ku Colorado analemba makalata ambirimbiri Kimura asanavomere kumulandira, anakhala kumeneko kuchokera mu 2004 mpaka 2010, ndipo mwiniwake sabisa kuti zinali zaka zowawa. Tsono taganizirani mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza kapena namwino wa ku Chipata amene mtima wake wagwa pa lusoli. Apeze viza, aphunzire Chijapani, asiye ana kwa zaka 6 popanda malipiro ooneka? Kwa munthu ameneyu kusankha sikuli pakati pa Omiya ndi foni ayi. Kuli pakati pa foni ndi kusaphunzira n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kuwonjezera apo, tifunse kuti aphunzitsi a pa foniwo ndi ndani. Ambiri mwa otchuka ndi anthu omwewo amene anadutsa pa khomo lopapatiza lija. Neil atabwerera kwawo anatsegula munda wa Bonsai Mirai ku Oregon, ndipo amaphunzitsa pa intaneti kudzera pa Mirai Live, akugwira mtengo kwa maola, akufotokoza chifukwa cha nthambi iliyonse imene wachotsa. Bjorn Bjorholm wa ku Tennessee anakhala zaka 6 kwa Keiichi Fujikawa ku Osaka, ndipo akadali wophunzira ankajambula ntchito ya m'nazaleyo n'kumaika pa YouTube, moti zinthu zimene kale zinkathera m'kati mwa mpanda zinayamba kuonedwa ndi aliyense. Bonsai Empire, imene anayambitsa Oscar Jonker wa ku Netherlands, inajambula maphunziro ndi akatswiri osiyanasiyana, mpaka Kimura weniweniyo anaima pamaso pa kamera n'kuphunzitsa. Palinso Peter Chan wa ku Surrey, ku England, amene anadziphunzitsa yekha, anatsegula Herons Bonsai mu 1986, anapambana mamendulo ambiri a golide pa chionetsero cha maluwa cha Chelsea, ndipo lero ndi gogo amene amatenga chitsamba chotchipa n'kuchisandutsa kamtengo anthu akuonera. Ndiye amalume akamati pafunika wamkulu, ine ndikuti wamkuluyo alipo, kungoti ali m'foni.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, imene ndi yomwe amalume anaigwira, ndi ya manja. Amati maso sangaphunzitse zala. Vidiyo ingakuuze kuti waya wopindira nthambi amakulungidwa mopendekeka pafupifupi madigiri 45, kuti kunenepa kwake kukhale ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo, kuti wa kopa ndi wa paini ndi junipa (mtengo wonga mkungudza) pamene wa aluminiyamu ndi wa mitengo ya khungwa lofewa. Koma singakuuze kuti apa wafika polekezera, ukapindanso pang'ono nthambi ithyoka. Zimenezi n'zoona, ndipo ndinaziphunzira pa bogenivila wanga woyamba. Ndinakulunga waya bwinobwino monga ndinaonera, ndinayamba kupinda nthambi yaikulu, ndipo inangoti thyo! m'manja mwanga, popanda chenjezo. Bogenivila akakhwima sapindika ngati junipa, amathyoka ngati chinangwa. Komatu funso n'lakuti, wamkulu akanaima pambali panga, kodi zala zanga zikanadziwa bwanji polekezera? Zikanadziwa pothyola nthambi basi, kungoti nthambi zake zikanakhala za m'nazale yake. Manja amaphunzira pogwira, kaya mphunzitsi ali pafupi kaya ali ku Oregon. Ndipo tisaiwale kuti ku Japan komweko mphunzitsi wachikale sankalankhula zambiri. Wophunzira ankayembekezeredwa kuba luso ndi maso, ataima patali, mbuye wake akugwira ntchito atamufulatira. Kamera imaba bwino kuposa pamenepo. Imayandikira mpaka uone chala chachikulu chikutchinjiriza nthambi kunja kwa pamene ikupindikira, ndipo ukaphonya umabweza kakhumi popanda wokukalipira. Achinyamata athu akukonza mafoni m'misika, atsikana akuluka masitayelo a tsitsi amene sanaonepo pamutu pa munthu wa m'dera lawo, amayi akuphika makeke a ukwati, onsewa ataonera vidiyo n'kuwononga zingapo poyamba. Palibe amene amauza wokonza foni kuti sadziwa ntchito chifukwa mphunzitsi wake anali ku India. Timangoona ngati foni yayaka.

Mfundo yachiwiri ndi ya nthawi, ndipo imeneyi ndi yolemera kuposa yoyambayo. Otsutsa amati intaneti imanamiza anthu kuti bonsai amapanga masana amodzi. Munthu amatenga chitsamba cha pa nazale, amadula, amakulunga waya, amaika m'mbale yokongola, ndipo pa mphindi 20 kamtengo katha, nyimbo ikulira. Woonera amathamangira kukachita zomwezo: kudula nthambi, kudula mizu ndi kuwokera tsiku limodzi, mtengo n'kuuma patatha masabata atatu, zimene vidiyo ija sinaonetse. Ndikuvomera kuti mavidiyo otere alipo ambiri, ndipo apha mitengo yosawerengeka. Koma matendawa sanabwere ndi intaneti. Ziwonetsero za pa nsanja, pamene katswiri amapatsidwa mtengo wosakonza kuti ausinthe m'maola ochepa anthu akuwomba m'manja, zinalipo m'misonkhano ya bonsai kale kwambiri YouTube isanabadwe, ndipo owomba m'manjawo sankadziwa ngati mtengowo unadzaona chaka chotsatira. Chimene intaneti yabweretsa chatsopano ndi mankhwala a matendawa. Nigel Saunders wa ku Ontario, ku Canada, amajambula mtengo womwewo chaka ndi chaka, ndipo ungathe kukhala pansi madzulo amodzi n'kuutsata kuchokera uli kambande mpaka thunthu litanenepa, ukuona pamene anadula, chimene chinaphuka, chimene chinakana. Wophunzira wokhala pa nazale zaka 6 amaona zaka 6 za mtengo. Ine ndingaone zaka zochuluka kuposa pamenepo usiku umodzi, ndipo palibe chimene chimaziziritsa phuma la munthu ngati kuona kuti nthambi imene ukuisirira inatenga dzinja zisanu kuti ifike pamenepo. Paini wina amene ali ku National Bonsai and Penjing Museum ku Washington wakhala akusamalidwa kuchokera mu 1625, anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945 ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3, ndipo mwini wake, Masaru Yamaki, anamupereka ku America mu 1976. Nkhani ya mtengo umenewu ine ndinaimva pa foni, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinaleka kufukula dothi la m'mbale kuti ndione ngati mizu yayamba.

Tsono tifike pa mfundo imene ndimaiopa kwambiri, chifukwa ndi imene imatikhudza ife a kuno mwachindunji: nyengo. Aphunzitsi otchuka ambiri ali kumpoto kwa dziko, kumene Juni ndi mwezi wotentha ndipo Januwale ndi wa chipale. Akamati wokerani mu Malichi, akunena nthawi imene mitengo yawo ikudzuka ku tulo ta chisanu. Akamati dulani mphukira za paini wakuda mu Juni, akunena chiyambi cha nyengo yawo yotentha. Kwathu Malichi ndi kumapeto kwa dzinja, ndipo Juni ndi wa majuzi ndi chiperoni. Ndinali ndi kamlambe kamene ndinafesa ndekha, njere yake nditaikanda ndi kuiviika m'madzi otentha, ndipo kanafika chaka chachitatu. Mu Juni kanayoyola masamba monga mlambe uliwonse umachitira. Ine, mawu a mphunzitsi wina ali m'mutu akuti m'miyezi imeneyi mbale isaume ngakhale tsiku limodzi, ndinakathirira m'mawa uliwonse. Pofika Ogasiti ndinagwira thunthu lake n'kupeza lafewa ngati papaya lakupsa, litawola kuchokera pansi. Mlambe ukagona safuna madzi, ndipo mwana aliyense wa ku Mangochi akanandiuza zimenezo. Nanga msangu, umene umayoyola masamba mvula ikamagwa n'kuphuka m'chilimwe, mwakuti alimi amalima chimanga pansi pake? Palibe kalendala ya ku Tokyo kapena ku Surrey imene ingakuthandize pa mtengo wotere. Apa otsutsa akunena zoona zenizeni.

Komabe, ndikaganiza za kamlambe kaja, ndimapeza kuti wolakwa sanali mphunzitsi. Ndinali ine, amene ndinatola mwezi n'kusiya chifukwa. Mphunzitsi wabwino sakupatsa tsiku, amakupatsa chizindikiro: wokera maso a nthambi akayamba kutupa, chifukwa nthawi imeneyo mtengo uli ndi mphamvu yosungira yoti ubwezeretse mizu imene wadula. Ukamva zimenezo, umatuluka panja n'kuyang'ana mtengo wako, ndipo umapeza kuti kachere wa pakhonde pako amatero kutentha kukamayamba, cha mu Seputembala. N'chimodzimodzi ndi dothi. Onse amatama akadama, dothi la timibulu lokumbidwa ku Japan, limene kuno silipezeka ndipo ngakhale litapezeka mtengo wake ungakuthawitse. Amene wangotola dzina amataya mtima. Amene wamva chifukwa chake, kuti m'mbale yosaya mizu imafuna mpweya monga imafunira madzi, ndipo dothi la katondo limagwirana n'kuitsamwitsa, amatenga njerwa zowotcha n'kuziphwanya, kusefa fumbi n'kutaya, kusakaniza ndi mchenga wa timiyala wa kumtsinje ndi timakala, ndipo madzi akathiridwa amatuluka pansi nthawi yomweyo. Ndipo onani kuti vuto la nyengoli silisiya ngakhale amene anakaphunzira ku Japan. Neil atabwerera anayamba kugwira junipa ndi paini wa m'mapiri a Rocky, mitengo imene mbuye wake sankaisamala, ndipo anayenera kuiphunzira payekha. Anzathu a ku South Africa anachita zomwezo: m'malo mokakamiza mitengo yawo kuoneka ngati paini wa ku Japan, anayang'ana m'tchire mwawo, ndipo Charles Ceronio anafotokoza masitayelo a ku Africa, monga la mlambe ndi la Pierneef, lotchedwa dzina la wojambula zithunzi J.H. Pierneef, limene limatsanzira mthethe wa mutu wonga ambulera. Chinanso, intaneti si ya azungu ndi Ajapani okha. Muli alimi a ku India, Indonesia, Philippines ndi Brazil amene akulimbana ndi mikuyu, bwemba ndi bogenivila m'nyengo yofanana ndi yathu. Ambiri salankhula chinenero chimene ndimamva, koma lumo lawo ndimaliona pamene likudula.

Ena amati vuto ndi kuchuluka kwa aphunzitsi abodza, ndipo amene akuyamba kumene sangasiyanitse katswiri ndi kamberembere. Uyu akuti paka mankhwala pa bala, uyo akuti usapake. Uyu akuti feteleza mlungu uliwonse, uyo akuti upha mtengo. Palinso ogulitsa zimene amati mbewu za bonsai, ndi zithunzi za timitengo ta masamba a buluu opakidwa pa kompyuta, pamene kulibe mbewu ya bonsai padziko pano: njere ya mkuyu ndi njere ya mkuyu, ndipo ukaibzala kumunda umera mkuyu woti anthu akhale pamthunzi. Chimene chimachepetsa mtengo ndi mbale, lumo ndi zaka. Zonsezi n'zoona, koma wabodza wa pa intaneti ndi wosavuta kumugwira kusiyana ndi wabodza wa pakhomo. Muyeso wake ndi umodzi: kodi amakuonetsa mtengo womwewo patatha zaka 3? Kodi amakuonetsa imene inafa, n'kunena chimene analakwitsa? Amene vidiyo iliyonse ili ndi mtengo watsopano ndipo wakale sumaonekanso, mukayikireni. Pamene munthu amene ali ndi mphunzitsi mmodzi yekha wa m'dera lake alibe pofananitsira. Mphunzitsiyo akakhala kuti anamva molakwika zaka 30 zapitazo, wophunzira amalandira cholakwikacho ngati lamulo, n'kudzachipereka kwa wina. Chimene ndingalangize n'chakuti ukapeza mphunzitsi wodalirika umukakamire chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe, usanayambe kumvera ena. Njira zambiri zosiyanazi zimagwira ntchito iliyonse payokha, koma ukatola dothi la uyu, kathiriridwe ka uyo ndi feteleza wa winayo, umapha mtengo ndi malangizo atatu abwino. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Palinso amene amadandaula za mwambo. Amati bonsai si kudula ndi kupinda kokha, ndi ulemu, ndi kakhalidwe, ndi kudziwa kuika mtengo pa tebulo loyenera m'mbale yoyenera monga amachitira pa Kokufu-ten, chionetsero chachikulu cha ku Tokyo chimene chinayamba mu 1934, ndipo zimenezi sizingadutse pa netiweki. Pa mfundo iyi sindichedwapo, chifukwa mwambo umene akuuteteza nawonso ndi mlendo. Ajapani analitenga lusoli ku China, kumene amalitcha penjing, ndipo pa khoma la manda a kalonga Zhang Huai a mu 706 pali chithunzi cha antchito atanyamula timitengo m'mbale. Waya amene lero timamuona ngati mtima wa bonsai anabwera mochedwa, kale ankakoka nthambi ndi zingwe. Kimura atayamba kusema mbali zouma za mitengo ndi makina amagetsi, akuluakulu ena a nthawi imeneyo sanakondwe nazo, koma lero ntchito yake ndi imene ena amayesera zawo. Luso limene linawoloka nyanja kuchokera ku China, n'kuwolokanso kupita ku California kumene John Naka anaphunzitsa anthu ambirimbiri, silingafe chifukwa chowoloka pa foni.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china, chimene otsutsa satchula kawirikawiri. Mavidiyo amene amakopa anthu kwambiri ndi a yamadori, mitengo yokumbidwa kuthengo, yokalamba, yopotoka ndi mphepo ya m'mapiri. Munthu akaona junipa wa zaka mazana atamuika m'mbale, mtima umamuuza kuti atenge khasu. Ku Japan chilakolako chimenechi chinatsala pang'ono kumaliza junipa wa mtundu wa shimpaku m'mapiri a Shikoku ndi ku Itoigawa. Ife tili ndi mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene macheka aumaliza kale mpaka anthu akuchita kuubzala kuti usatheretu, ndipo sitikufunikanso gulu lina lokwera mapiri ndi makasu. Koma ngakhale apa, aphunzitsi omwewo ndi amene amakuonetsa njira ina. Amakuonetsa kusenda khungwa mozungulira nthambi, kukulungapo ndere zonyowa ndi pulasitiki, n'kudikira kuti pamere mizu, kenako n'kudula nthambiyo ili kale kamtengo ka thunthu lonenepa, mayi wake ali chiimire. Amakuonetsa kuzika nthambi. Ndipo kwa ife zipangizo zili ponseponse popanda kukhudza nkhalango: kachere amene mbalame zinafesa pa khoma la nyumba ndipo mwini nyumba akufuna kumuzula, zitsa za mpanda wa maluwa zimene akufukula pomanga fensi ya njerwa, chitsamba chimene mbuzi zakhala zikuchibudula zaka zambiri mpaka chinafupika chokha. Kachere wanga uja ndinamutola mu ngalande ya padenga.

Za ndalama sindingazibise. Bandulo imatha ngati madzi a m'dengu ukamaonera vidiyo ya ola lathunthu, ndipo maphunziro olipira amafuna madola ndi khadi la kubanki loti ligwire ntchito kunja, zimene kwa ambiri a ife ndi nkhani ina. Ine ndimakopera mavidiyo pamene ndapeza netiweki yotchipa n'kumaonera pang'onopang'ono, ndipo ndaona kuti zaulere zokhazo n'zokwanira kumudyetsa munthu zaka zake zoyamba, pajatu m'zaka zimenezo chofunika si kusema mitengo ngati Kimura koma kuti mtengo usafe. Zida nazonso si zoopsa monga zimaonekera. Lumo lakuthwa, pulayala, waya wa m'zingwe zakale zamagetsi wowotchedwa pa mbaula kuti afewe, ndi beseni loboola pansi, zimayambitsa ntchito. Yerekezani zimenezo ndi tikiti ya ndege yopita ku Osaka.

Amalume aja sanasinthe maganizo, ndipo sindinayembekezere kuti asintha. Koma asananyamuke anachita chinthu chimene ndiyenera kuchinena, chifukwa kuchibisa kungakhale kubera pa mkangano. Ananyamula mbale ya kachere uja, anaiyeza kulemera m'manja, n'kunena kuti ndikuthirira mopitirira. Kenako anaitembenuza pang'ono, anawerama mpaka maso awo analingana ndi thunthu, nati, "Apongozi, nkhope ya mtengowu ili uku, inu mwauonetsa nkhongo." Ndinayang'ana, ndipo mbali imene ndinkaisiya kukhoma ndi imene mizu yake inayala bwino pamwamba pa dothi, chimene Ajapani amachitcha nebari, ndipo thunthu likuchita ngati likuweramira woliona. Zaka ziwiri ndinali ndisanazione. Foni sikanatha kunyamula mbale yanga, ndipo pamenepo ndagonja. Koma amalume amakhala kutali, amabwera kamodzi pachaka, ndipo masiku 364 otsalawo mtengo umafuna munthu wodziwa chochita. Ndiponso mawu awo ndinawamva chifukwa ndinali nditaphunzira kale kuti mtengo uli ndi kutsogolo, kuti amakusankha poyang'ana mizu ndi kupendekeka kwa thunthu. Akanandiuza zimenezo ndisanaonere mavidiyo aja, ndikanangoti zikomo n'kubweza mbale pamene inali. Pakali pano ndabaya kamtengo ka machesi m'dothi kusonyeza kutsogolo kwatsopano, ndachepetsa madzi, ndipo maso a nthambi akatupa mu Seputembala ndidzauzula, ndidzadula muzu umodzi wokhuthala umene ukupita pansi, n'kuukhazika motembenuka. Nthambi ya kumanzere, imene tsopano idzakhala ikuloza pamaso pa woonera, iyenera kuchoka, koma imeneyo idikira chaka chinacho.